Zojambula zosanja mfundo: chimene chimachititsa kuti zithandize, ndi mmene mphunzitsi angasankhire za pa intaneti

Mphunzitsi amene walemba mawu akuti graphic organizer pa Google amapeza mapepala ochuluka oti atsitse ndi kusindikiza: ena ali ndi mabokosi olumikizidwa ndi mivi, ena ali ndi zozungulira zolowerana, ena ajambulidwa ngati mtengo wa nthambi. Pambali pa mapepalawo pali mapulogalamu a pakompyuta ndi a pafoni amene amalonjeza kuti ana adzamvetsa msanga akaona phunziro ndi maso. Kuchuluka kwa zinthuzi kumabisa funso lofunika, lakuti kodi n'chiyani kwenikweni chimene chimachititsa kuti chojambula chotere chithandize mwana. Kafukufuku wa zaka zoposa 50 akuloza ku yankho limodzi, lakuti phindu lili pa ntchito imene wophunzira amagwira posankha mfundo zoyenera kulowa m'mabokosimo ndi ponena momveka bwino mmene mfundo imodzi ikugwirizanira ndi inzake. Mphunzitsi amene wagwira mfundo imeneyi angathe kusiyanitsa chida chothandiza ndi chongotayitsa nthawi, kaya ali ndi kompyuta kaya ali ndi choko chokha.

Kusiyana kwa chojambula ndi ndime ya m'buku n'kwakuti ndime imayenda njira imodzi, chiganizo chikatha china n'kutsatira, moti wowerenga amene akufuna kuona mmene mfundo ya pachiyambi ikukhudzanira ndi ya kumapeto amayenera kusunga zonse m'mutu kufikira atafika kumapetoko. Pa chojambula mfundo ziwirizo zimakhala moyandikana, ndipo mzere umene uli pakati pake umanena ubalewo mwachindunji. Maganizo amenewa anazika mizu mu ntchito ya David Ausubel, katswiri wa ku America wa za kaganizidwe ndi maphunziro, amene mu 1960 anaonetsa kuti ophunzira amakumbukira bwino nkhani yatsopano akayamba apatsidwa chithunzithunzi cha mfundo zikuluzikulu zimene nkhaniyo yamangidwapo. Iye anasiyanitsa kuloweza, kumene mfundo yatsopano imangokhala payokha m'mutu, ndi kuphunzira kwa tanthauzo, kumene mfundo yatsopano imamangiriridwa ku zimene munthu ankadziwa kale. Zimene Ausubel ankapereka kwa ophunzira ake zinali ndime zolembedwa. Amene anabwera pambuyo pake ndiwo anazisandutsa zojambula.

Mmodzi wa iwo anali Joseph Novak wa pa yunivesite ya Cornell, m'chigawo cha New York. Novak ndi gulu lake anatsatira ana a sukulu kwa zaka 12, kuyambira m'makalasi oyambirira, pofuna kuona mmene kamvedwe kawo ka sayansi kamasinthira akamakula. Ankacheza ndi anawo n'kujambula mawu awo, koma mawuwo akalembedwa ankadzaza masamba ambirimbiri, ndipo kunali kovuta kuona pamene maganizo a mwana asinthira. Mu 1972 anapeza njira yoika zimene mwana wanena pa tsamba limodzi: dzina la chinthu chilichonse m'bokosi lake, mfundo zazikulu pamwamba, zazing'ono m'munsi, ndipo pakati pa mabokosi awiri muvi wokhala ndi mawu. Umu ndi mmene anayambira mapu a mfundo, amene pa intaneti amapezeka ndi dzina lakuti concept map. Chida chimenechi chinapangidwa kuti chionetse zimene zili m'mutu mwa mwana, ndipo mpaka lero imeneyo ndiyo ntchito imene chimagwira bwino koposa.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa Sitandade 6 waphunzitsa za malungo, ndipo walemba pa bolodi funso lakuti n'chifukwa chiyani malungo amachuluka nthawi ya dzinja. Pansi pa funsolo wandandalika zinthu 10: mvula, zithaphwi, udzudzu, tizilombo ta Plasmodium, chiwindi, magazi, kutentha thupi, neti, mankhwala ndi munthu wodwala. Ana akhala m'magulu, ndipo gulu lililonse lauzidwa kuti lilumikize zinthuzo ndi mivi, koma muvi uliwonse ukhale ndi mneni, kotero kuti munthu akawerenga bokosi loyamba, mawu a pa muvi ndi bokosi lachiwiri, patuluke chiganizo chomveka. Gulu lina lajambula muvi wochoka pa mvula kupita pa munthu wodwala, n'kulembapo kuti "imadwalitsa". Gulu lina lalemba kuti mvula "imadzaza" zithaphwi, udzudzu "umaswana mu" zithaphwi, udzudzu "umanyamula" tizilombo, tizilombo "timayamba tachulukana mu" chiwindi kenako "timalowa mu" magazi. Pa mayeso ofunsa kuti chimafalitsa malungo n'chiyani, mwina magulu onse awiri akadalemba kuti udzudzu, chifukwa yankholo analiloweza. Koma pa mapu zaoneka poyera kuti gulu loyamba lidakali ndi maganizo ofala m'midzi ndi m'matauni momwe, akuti munthu amadwala malungo chifukwa chonyowa ndi mvula, ndipo mphunzitsi wadziwa pamene ayenera kubwerera.

Pali mtundu wina wa muvi umene Novak ankauona kukhala wamtengo wapatali kuposa yonse, wochoka ku mbali ina ya mapu n'kukafika ku mbali imene imaoneka ngati yosakhudzana nayo. Mwana amene wajambula muvi wochoka pa munthu wodwala kubwerera pa udzudzu, n'kulembapo kuti "amapatsira tizilombo", wamvetsa kuti udzudzu subadwa ndi tizilomboto koma umatitenga kwa munthu amene ali nato kale. Akafika pamenepo sachedwa kuona kuti neti imateteza wogonamo komanso imalepheretsa udzudzu kutenga tizilombo kwa iye akadwala, ndi kuti kulandira msanga mankhwala a LA ku chipatala kumathandizanso a m'nyumba yoyandikana. Mfundo zimenezi sizinali pa mndandanda wa pa bolodi. Zatuluka chifukwa mwana wakakamizika kudzifunsa kuti bokosi ili ndi bokosi ilo zikugwirizana bwanji, ndipo pepala lotsitsa pa intaneti silingamufunse funso limeneli ngati mizere yake inajambulidwa kale ndipo ilibe malo olembapo mawu.

Anthu ambiri amasokoneza mapu a mfundo ndi mind map, imene inatchuka kudzera mwa Tony Buzan wa ku Britain pamene ankaiphunzitsa pa wailesi ya kanema ya BBC mu 1974. Mind map imayambira pakati pa tsamba, pamene pamalembedwa mutu umodzi, ndipo nthambi zimatuluka mbali zonse, iliyonse ndi liwu limodzi kapena awiri. Ndi yabwino posonkhanitsa maganizo msanga, mwachitsanzo pamene ophunzira a Fomu 3 akukonzekera kulemba chimangirizo ndipo akufuna kuona zonse zimene angathe kunena asanasankhe zoyamba ndi zotsiriza. Kufooka kwake n'kwakuti nthambi sizinena chifukwa chimene zaikidwira pamene zilipo: mwana angathe kulemba malungo pakati, n'kutulutsa nthambi za udzudzu, mvula ndi neti, tsamba n'kuoneka lodzaza bwino, koma osaonetsa ngati akudziwa chimene chimatsogolera chinzake. Mapulogalamu ambiri amene amatsatsidwa pa intaneti ndi a mind map, chotero mphunzitsi wa sayansi kapena wa mbiri yakale ayenera kufufuza ngati pulogalamuyo imalola kulemba mawu pa mizere ndi kulumikiza nthambi ziwiri zotalikirana.

Posankha pakati pa mitundu ina, lamulo ndi lakuti maonekedwe a chojambula atsatire mmene nkhaniyo yamangidwira. Zozungulira zolowerana zimene John Venn wa ku Cambridge anazifotokoza mu 1880 zimayenera pamene pali zinthu ziwiri kapena zitatu zofanana pena n'kusiyana pena, monga mleme ndi mbalame. Zinthu zikachuluka, tebulo la mizere yopingasa ndi yotsika limaposa, chifukwa limakakamiza wophunzira kuyankha funso lomwelo pa chinthu chilichonse. Amene akufanizira chimanga, mapira, chinangwa ndi mpunga potengera mvula imene mbewu iliyonse imafuna, nthawi imene imatenga kuti ikhwime ndi kasungidwe kake, amaona yekha bokosi limene latsala lopanda kanthu. Chojambula cha Frayer, chochokera ku yunivesite ya Wisconsin mu 1969, chimaika liwu latsopano pakati n'kufunsa tanthauzo lake, makhalidwe ake, zitsanzo zake ndi zinthu zimene si zitsanzo zake. Gawo lomalizali silofunika kulidumpha, chifukwa ndilo limaonetsa ngati mwana akudziwa malire a liwulo.

Chojambula chooneka ngati mafupa a nsomba sichinachokere m'sukulu konse. Anachitchukitsa Kaoru Ishikawa m'mafakitale a ku Japan m'zaka za m'ma 1960, pofufuza zimene zimachititsa kuti katundu atuluke wolakwika. Vuto limalembedwa kumutu kwa nsomba, magulu a zifukwa n'kukhala minga ikuluikulu yotuluka pa msana. M'phunziro la ulimi chimakhoza bwino pa mutu wa kukokoloka kwa nthaka, pamene munga wina ungakhale wa kalimidwe, monga mizere yotsata kutsetsereka kwa phiri, wina wa kudula mitengo ndi kutentha tchire, wina wa ziweto zodyera malo amodzi nthawi yaitali. Komabe chojambulachi chimaonetsa zifukwa ngati kuti chilichonse chimayenda pachokha kupita ku mutu, pamene zoona zake n'zakuti nthaka ikaguga zokolola zimachepa, zokolola zikachepa anthu amatsegula minda yatsopano m'mapiri, ndipo kukokoloka kumawonjezeka. Nkhani yozungulira chonchi imafuna mivi yozungulira. Mphunzitsi amene watenga pepala la nsomba chifukwa choti ndilo linali pamwamba pa zotsatira za Google angathe kuphunzitsa ana chinthu chosakwanira popanda kunena liwu lolakwika ngakhale limodzi.

Chifukwa chimene zojambula zosankhidwa bwino zimathandizira chili m'kagwiridwe ntchito ka ubongo. Gawo la maganizo limene timasungiramo zinthu zimene tikuzilingalira pa nthawi yomweyo ndi laling'ono kwambiri: George Miller mu 1956 analemba kuti limasunga zinthu pafupifupi 7, ndipo Nelson Cowan mu 2001 anasonyeza kuti chiwerengerocho chili pafupi ndi 4. John Sweller wa ku Australia anamanga pa mfundo imeneyi chiphunzitso chake cha m'zaka za m'ma 1980, chakuti chilichonse chimene chimadya malo m'kagawo kameneka popanda kuthandiza kumvetsa chimabera wophunzira mphamvu. Chojambula chabwino chimatula katundu wina pa pepala, moti mwana safunika kusunga m'mutu mayina onse 10 pamene akulingalira za ubale wa awiri okha. Mbali ina inachokera kwa Allan Paivio wa ku Canada, amene mu 1971 anafotokoza kuti ubongo umasunga mawu ndi zithunzi m'njira ziwiri zosiyana koma zolumikizana, kotero kuti mfundo imene yalowa kudzera m'njira zonse ziwiri imakumbukika mosavuta.

Mfundo zomwezi ndizo zimatsutsa zokongoletsa. Richard Mayer wa pa yunivesite ya California ku Santa Barbara wapeza mobwerezabwereza kuti anthu amaphunzira bwino zinthu zosafunika zikachotsedwa, ngakhale zitakhala zosangalatsa, ndiponso mawu akaikidwa pafupi ndi gawo la chithunzi limene akufotokoza. Mapepala ambiri a pa intaneti ndi chikomekome cha mkuyu: m'mbali muli timaluwa, tinyama tomwetulira ndi zilembo zopindikapindika, koma mabokosi ake ndi atatu chifukwa atatu ndiwo anakwana pa tsamba, ngakhale nkhaniyo ilibe mfundo zitatu. Mwana amene ali ndi zifukwa zinayi amataya chimodzi, ndipo amene ali ndi ziwiri amapeka chachitatu kuti bokosi lisatsale.

Otsatsa mapulogalamu amakondanso kunena kuti ana ena amaphunzira ndi maso, ena ndi makutu, ena ndi manja, ndipo zojambula ndi za gulu loyambalo. Mphunzitsi ayenera kukana zimenezi. Mu 2008 Harold Pashler, Mark McDaniel, Doug Rohrer ndi Robert Bjork anaunika kafukufuku amene analipo pa nkhaniyi ndipo sanapeze umboni wokwanira wakuti kuphunzitsa mwana m'njira imene amati amaikonda kumawonjezera zimene waphunzira. Kayendedwe ka magazi m'thupi kamamveka bwino ndi chojambula kwa mwana aliyense woona, ndipo kugawa kalasi m'magulu a maso ndi a makutu kumangomana ana ena chida chimene chikadawathandiza.

Umboni wa phindu la mapu a mfundo ulipo ndithu. Mu 2006 John Nesbit ndi Olusola Adesope anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 55, wokhudza ophunzira 5,818 kuyambira a ku pulayimale mpaka a ku yunivesite, ndipo anapeza kuti mapu anathandiza kukumbukira kuposa kungowerenga ndime kapena kungomvetsera mphunzitsi. Poyerekeza ndi ntchito zina zofuna kuganiza, monga kulemba chidule, kusiyana kunali kochepa. Komanso ntchitoyo isapitirire mphamvu za wophunzira: Andrew Stull ndi Mayer mu 2007 anapeza, m'mayesero awo ena, kuti amene anapatsidwa zojambula zokonzedwa kale anachita bwino kuposa amene anauzidwa kudzipangira okha pamene akuwerenga nkhani yachilendo ya sayansi. N'chifukwa chake ndi nzeru kuyamba ndi mapu athunthu amene mphunzitsi amawawerenga pamodzi ndi kalasi, kenako mapu amene mawu a pa mivi ina achotsedwa, kenako mndandanda wa mayina okha, ndipo tsamba loyera libwere pomaliza.

Kafukufuku amene aliyense wokonda mapu ayenera kumudziwa ndi wa Jeffrey Karpicke ndi Janell Blunt a pa yunivesite ya Purdue, amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2011. Ophunzira ena anawerenga nkhani ya sayansi n'kupanga mapu nkhaniyo ili patsogolo pawo. Ena anawerenga, n'kuichotsa, n'kulemba zonse zimene akukumbukira, kenako n'kuwerenganso ndi kubwereza. Patatha mlungu umodzi, amene anadziyesa pokumbukira anapambana, ngakhale pamene mayeso omaliza anali opanga mapu a mfundo. Mu 2014 awiriwa anaonetsanso kuti mapu opangidwa nkhani itachotsedwa amathandiza mofanana ndi kulemba ndime pokumbukira. Zimene mphunzitsi angatengepo sizifuna ndalama. Mapu ojambulidwa buku lili chitsegulire angathe kungokhala kukopera manotsi m'maonekedwe ena, pamene mapu omwewo ojambulidwa mabuku ali m'zikwama, kenako n'kukonzedwa ndi cholembera cha mtundu wina buku litatsegulidwa, amaphatikiza kukumbukira ndi kusanja mfundo pa ntchito imodzi.

Pa zimene zili pa intaneti, zothandiza kwambiri ndi masamba amene amafotokoza kagwiritsidwe ntchito ka chojambula m'phunziro, chifukwa pepala lokha aliyense angathe kulijambula. TESSA, ntchito yothandiza aphunzitsi a m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara imene inayamba mu 2005 motsogozedwa ndi Open University ya ku Britain pamodzi ndi masukulu a ukachenjede a mu Africa, ili ndi zolemba zaulere zokonzedwa poganizira makalasi a ana ambiri ndi zipangizo zochepa, ndipo pakati pake pali chofotokoza mmene mind map ingagwiritsidwire ntchito posonkhanitsa maganizo a kalasi yonse. Reading Rockets, tsamba la ku America lokhudza kuphunzitsa kuwerenga, limafotokoza njira imodziimodzi ndi chifukwa chake, monga mapu a nthano amene amasanja atengambali, malo, vuto ndi mathero ake. ReadWriteThink, la bungwe la aphunzitsi a Chingerezi ku America la NCTE, lili ndi zikonzero za maphunziro zathunthu. Pa masamba ogulitsa monga Teachers Pay Teachers zabwino ndi zachabe n'zosakanikirana, ndipo kuchuluka kwa amene anagula sikuonetsa kuti ana anaphunzirapo kanthu.

Chilolezo n'chofunika kwa ife kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa zambiri mwa zimenezi zinalembedwa m'Chingerezi ndipo zitsanzo zake ndi za nyengo, zakudya ndi mbiri za maiko ena. Mphunzitsi wa Sitandade 3 ayenera kuzimasulira m'Chichewa ndi kusintha zitsanzo, ndipo akafuna kugawira anzake ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanirako pa maphunziro, kapena pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi a m'zoni yake, ayenera kudziwa ngati mwini wake analola. Zinthu zokhala ndi chilolezo cha Creative Commons zimanena poyera: chizindikiro cha BY chimafuna kuti mwini wake atchulidwe, SA chimafuna kuti chosinthidwacho chigawidwe ndi chilolezo chomwecho, NC chimaletsa kuchita nazo malonda, ndipo ND chimaletsa kugawa zosinthidwa, kuphatikizapo zomasuliridwa. Zolemba za TESSA zimalola kusintha.

Nanga kompyuta imawonjezera chiyani pa zimene choko ndi pepala zimachita kale? Chachikulu ndi kusuntha. Mapu abwino satuluka pa ulendo woyamba. Mwana amazindikira ali mkati mwa ntchito kuti bokosi limene analiika pansi liyenera kukhala pamwamba, ndipo pa pepala kukonza kumatanthauza kufufuta kapena kuyambiranso, zimene ambiri safuna kuchita. Pa kompyuta bokosi likakokedwa mizere yake imatsatira. Chachiwiri ndi chimene chinatchukitsa Inspiration, pulogalamu ya kampani ya ku Oregon imene inafala m'sukulu za ku America m'zaka za m'ma 1990: wophunzira akamaliza chojambula amadina kamodzi, ndipo chimasanduka mndandanda wa mitu ndi timitu umene angayambirepo kulemba ndime. Kwa mwana amene ali ndi maganizo koma amasowa poyambira akaona tsamba loyera, thandizo limeneli ndi lalikulu.

Posankha pulogalamu, choyamba kufunsa n'chakuti kodi imagwira ntchito netiweki ikathawa. CmapTools, imene inapangidwa ku Institute for Human and Machine Cognition ku Florida, kumene Novak anagwirako ntchito atachoka ku Cornell, ndi yaulere, imaikidwa pa kompyuta, ndipo inapangidwira mapu a mfundo enieni: munthu akakoka muvi kuchoka pa bokosi, pakati pa muviwo pamatuluka malo odikira mawu olumikiza. FreeMind ndi Freeplane ndi za mind map, zaulere, ndipo sizifuna intaneti zikaikidwa. Draw.io imajambula mtundu uliwonse ndipo ili ndi mtundu woika pa kompyuta, komanso PowerPoint kapena LibreOffice Draw zimakwanira pa ntchito zambiri. Mbali inayi kuli MindMeister, Coggle, Lucidchart, Miro ndi Canva, zimene mphamvu yake ndi yakuti anthu angapo amagwira ntchito pa chojambula chimodzi ali kutali, koma zimadalira intaneti, zimadya bandulo, ndipo gawo laulere limakhala ndi malire. MindMeister, mwachitsanzo, yakhala ikulola mapu 3 okha kwa amene sanalipire. Zambiri zimafunanso akaunti, kutanthauza kupereka dzina ndi imelo ya mwana ku kampani ya kunja, chinthu chimene sukulu siyenera kuchita makolo asanadziwe.

Chachiwiri kufunsa n'chakuti ntchito ya mphunzitsi idzapita kuti pulogalamuyo ikadzatha, chifukwa mapulogalamu amathadi. Kampani ya Adobe inasiya kusamalira Flash, pulogalamu imene masamba ambiri a pa intaneti ankadalira poonetsa zinthu zoyenda, pa 31 Disembala 2020, ndipo zida zambiri zojambulira zimene zinali pa masamba a maphunziro zinasiya kutseguka. Google inatseka Jamboard, bolodi lake lolembapo la pa intaneti, kumapeto kwa 2024, aphunzitsi ambiri atasungirapo ntchito yawo kuyambira nthawi ya Covid-19. Chotero chojambula chilichonse chimene chatenga nthawi kukonza chisungidwenso ngati PDF kapena chithunzi cha PNG, ndipo ngati n'kotheka mfundo zake zisungidwe ngati mawu wamba, amene pulogalamu iliyonse ingawerenge.

Masiku ano mapulogalamu ambiri aikamo AI, nzeru zopangidwa za makina, imene imalandira mutu kapena ndime n'kutulutsa mapu athunthu m'kamphindi. Kwa mphunzitsi amene akukonzekera phunziro zimenezi zingapulumutse nthawi, malinga awerenge muvi uliwonse ndi kuuyerekeza ndi buku la silabasi, popeza zidazi zimalakwitsa mosaonetsa kukayika. Kwa wophunzira nkhani ndi ina, chifukwa gawo limene makina amuchitira, losankha mfundo ndi kutchula ubale wake, ndilo likadamuphunzitsa. Njira yopezerapo phindu ndiyo kupereka mapu opangidwa ndi makina ku magulu kuti apeze mivi yolakwika kapena yosamveka n'kuikonza.

Pali gulu lina la mapulogalamu ophunzitsa ndi zooneka limene ntchito yake ndi yosiyana. PhET, imene inayambitsidwa mu 2002 ku yunivesite ya Colorado Boulder ndi Carl Wieman, amene analandira mphoto ya Nobel pa fizikisi, imalola wophunzira kulumikiza mabatire, mawaya ndi mababu pa sikirini n'kuona zimene zikuchitika, ndipo zida zake zingathe kutsitsidwa n'kugwiritsidwa ntchito popanda intaneti. Kuno ku Malawi, matabuleti okhala ndi pulogalamu ya bungwe la onebillion yophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa anayamba kuyesedwa m'sukulu zochepa mothandizana ndi bungwe la anthu ogwira ntchito mongodzipereka la VSO, ndipo kuyambira 2023 boma likuwafalitsa m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4 kudzera mu ndondomeko ya BEFIT. Zida zoterezi zimaonetsa mwana chinthu ndi kumupatsa mpata wochiyesa, pamene mapu amamufunsa kuti anene tanthauzo la zimene waonazo, ndipo n'chifukwa chake mapu amayenera kubwera sikirini itazimitsidwa.

Sukulu zathu zambiri zilibe makompyuta okwanira kalasi, ndipo kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo. Pamenepa ntchito ya intaneti imathera pa foni ya mphunzitsi, ndipo si ntchito yaing'ono: amawerengapo njira, amaona zitsanzo, amakonza mapu akeake kuti adziwe mivi imene akuyembekezera. M'kalasimo, mwayi wosuntha mabokosi ungapezeke mwa njira ya TALULAR imene aphunzitsi amaphunzira ku TTC, yogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Katoni yakale imadulidwa timakadi, liwu lililonse pa kakadi kake. Gulu limayala timakadito pansi, n'kumatisuntha kufikira litagwirizana, ndipo mivi ndi mawu ake zimalembedwa ndi choko pa simenti kapena ndi kamtengo pa mchenga. Pomaliza ndi pamene aliyense amakopera m'kope mwake, ndipo timakadi tomweto timadzagwiranso ntchito chaka chamawa.

Njira imeneyi ili ndi phindu lapadera mu Sitandade 5, pamene maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi ndipo ana ochuluka amayamba kuloweza ziganizo zimene sakuzimva. Mayina a sayansi angathe kulembedwa pa timakadi m'Chingerezi monga momwe adzawapezere pa mayeso a MANEB, koma gulu n'kuloledwa kukambirana ndi kulemba mawu a pa mivi m'Chichewa kapena m'chiyankhulo cha kwawo poyamba, kenako n'kuwasandutsa Chingerezi mphunzitsi atatsimikiza kuti ubalewo ndi wolondola. Potero mphunzitsi amasiyanitsa mwana amene sanamvetse sayansi ndi amene wamvetsa koma akusowa mneni wa Chingerezi, ndipo awiriwa amafuna thandizo losiyana.

Chotsala ndi kuchonga. Novak ndi Bob Gowin, m'buku lawo la mu 1984 lotchedwa Learning How to Learn, anapereka njira yoperekera malikisi: 1 pa chiganizo chilichonse cholondola chopangidwa ndi mabokosi awiri ndi muvi, 5 pa mlingo uliwonse wotsika kuchoka pa mfundo yaikulu kupita pa zazing'ono, 10 pa muvi wolondola wolumikiza mbali ziwiri zotalikirana, ndi 1 pa chitsanzo chilichonse. Kagawidwe kameneka kakuonetsa chimene iwo ankachiona kukhala chofunika, koma mphunzitsi wa makope 100 sangawerengere chonchi mlungu uliwonse. Chotheka ndicho kusankhiratu mivi itatu imene yanyamula phunzirolo, monga wa pakati pa mvula ndi zithaphwi, wa pakati pa udzudzu ndi tizilombo, ndi wochoka pa wodwala kubwerera pa udzudzu, n'kuyendera magulu akuyang'ana itatu yokhayo. Muvi umene magulu ambiri aulakwitsa kapena aulumpha ndiwo ujambulidwe pa bolodi m'mawa mwake, wopanda mawu, kuti kalasi iyambire pamenepo.